Maso a chidole: apulasitiki, a felt kapena ongopeta pamanja?

Chidole ukachimaliza thupi, makutu walumikiza, miyendo ili m'malo, thonje wayika, chimatsala ndi nkhope, ndipo pankhope pomwepo ndi pamene ntchito ya sabata yonse imakongola kapena kuwonongeka. Ine maso ndayesa amitundu yonse, mabatani, mikanda, ma safety eyes apulasitiki aja, felt (nsalu yokhuthala ya ubweya wopanikizidwa, yosalukidwa), ndi opeta ndi ulusi, nde ndati ndiwaike pamodzi muwone kusiyana kwake makamaka inu amene mukusokera ana ang'ono kapena mukugulitsa.

Mabatani ndi mikanda ndisatayepo nthawi. Amakongola inde, amapezeka paliponse ngakhale pa malaya akale a pa kaunjika, koma agwira ndi kaulusi kochepa basi, mwana akangoluma kawiri katatu batani lili mkamwa. Pa chidole chokhalitsa mu display kabati palibe vuto. Cha mwana ayi.

Ma safety eyes ndi amene amapusitsa anthu ambiri chifukwa cha dzina lakelo. Diso lake limakhala ndi kamtengo ka mizeremizere kumbuyo, umabowola nsalu, kulowetsa, kenako kukanikiza kawasha mkati mpaka kamveke kuti thwa, ndipo kakalowa sikabwereranso. Amabwera m'masaizi, 6mm, 9mm, 12mm mpaka akuluakulu, amanyezimira ngati maso enieni, onse awiri amafanana ndendende, ndipo mphindi ziwiri wamaliza. Ngati uli ndi oda ya zidole 20 palibe njira yachangu kuposa iyi, zimenezo sindingatsutse. Pa nsalu yothinana ngati jinzi kapena fleece yabwino amagwira kwambiri, makamaka ukayika kachigamba kena kumbuyo kawasha kasanalowe.

Koma pa chidole choluka nkhani ndi ina. Ndinalukira mwana wa mng'ono wanga kanjovu kotuwa, anali ndi miyezi 10 akumera mano, chilichonse n'kukamwa. Patatha masabata angapo mayi ake akusesa anapeza diso limodzi pamphasa, kawasha kali pomwepo osachoka, kutanthauza kuti diso silinathyoke, linangodutsa lonse ndi kawasha komwe pabowo la pakati pa sitichi chifukwa wulu unali utatamuka ndi malovu komanso kuchapa. Mwana sanameze, tinathokoza Mulungu, koma usiku umenewo sindinagone bwino. Kuyambira tsiku limenelo chidole cha mwana wosakwana zaka 3 sindiyikanso pulasitiki, kaya wogula achonderere bwanji.

Zaka 3 zimenezi sindinangozipeka. Ku Ulaya kuli malamulo a zoseweretsa otchedwa EN 71, ndipo poyesa zoseweretsa za ana osakwana zaka 3 amakoka diso loposa 6mm ndi mphamvu ya ma newton 90 kwa masekondi 10, zomwe zikufanana ndi kupachikapo ndowa ya madzi pafupifupi malita 9. Kachidutswa kakachoka amakaponya mu kachubu kotakata 31.7mm, kakalowa konse ndiye kuti kangatsamwitse mwana. Maso a 6mm, 9mm ndi 12mm aja amalowa mu kachubu kameneko mosavuta. Nde dzifunseni nokha ngati diso la pa kalulu wanu woluka lingapirire ndowa imeneyo.

Felt ili pakati. Umadula tozungulira tiwiri takuda, mwina toyera tokulirapo pansi pake, n'kusokerera m'mbali. Ubwino wake ungapange diso lalikulu ngati la katuni lomwe ndi ulusi wokha lingakudyere ola lathunthu, komanso umatha kulisuntha ndi pini mpaka nkhope ikukhutiritse usanasoke. Kuipa kwake ndi kuchapa. Zidole zathu zimachapidwa pamanja ndi sopo wa mtanda, kufikisidwa, kufinyidwa, kuyanikidwa padzuwa, ndipo felt yotchipa ikadutsa zimenezi kangapo imachita timibulu, m'mbali imayamba kunyotsoka. Ndipo chonde guluu ayi, womata ndi guluu amamatuka m'mphepete ndiye kachala ka mwana kamapeza pogwira. Ngati mwasankha felt sokani masitichi oyandikana kuzungulira konse, osati anayi okha m'makona.

Tsopano opeta, omwe ine ndimawakonda, koma nawonso ali mitundu ndipo safanana.

Choyamba ulusi. Ulusi wopetera weniweni ngati wa DMC wa ku France kapena Anchor umabwera mamita 8 pa kamtolo, ndi wa thonje, ndipo ndi timaulusi 6 topiringidwa pamodzi tomwe umatha kulekanitsa. Wakuda wa DMC ndi nambala 310, wa Anchor ndi 403, ngati muli ndi wachibale ku Joni kapena ku UK mungomuuza manambala amenewo. Ambiri aife timagula wopanda dzina uja wa m'mashopu a zosokasoka, ndipo wina ndi wabwino ndithu, koma muyeseni kaye, nyowetsani kachidutswa n'kukafinyira pa nsalu yoyera, ukasiya banga musauyike pa nkhope ya chidole choyera chifukwa tsiku lochapa chidzaoneka ngati chalira misozi yakuda. Ulusi wa pamashini ya telala ndi wowonda kwambiri, ungadzaze diso koma mpaka upinde kanayi kapena kasanu ndi kamodzi ndipo umapiringizika. Wulu womwe walukira umagwira ntchito pa zidole zoluka zazikulu, kungoti acrylic pakapita nthawi amachita ubweya ndiye diso limaoneka losalongosoka m'mbali.

Satin stitch ndiye mfumu ya maso ozungulira. Umajambula diso ndi choko kapena pensulo, kuzunguliza mzere umenewo ndi backstitch (sitichi yobwerera m'mbuyo yopanga mzere wosadukiza), kenako kudzaza ndi masitichi ogona moyandikana, singano ikutulukira kunja pang'ono kwa mzere uja kuti m'mphepete mukhale mosalala. Ine ndimagwiritsa timaulusi 3, ndimayambira pakati pa diso kupita mbali imodzi, n'kubwerera pakati kupita mbali inayo, ukayambira m'mphepete diso limapendekeka ngati dzira. Osakoka kwambiri, nsalu imakwinyika. Ukafuna lituluke pang'ono ngati la pulasitiki lija, dzaza koyamba mopingasa kenako kachiwiri motsika pamwamba pake, limafufuma bwino kwambiri. Vuto la satin stitch ndi kukula, diso likapitirira sentimita imodzi masitichi amatalika, amakhwepa, chikhadabo chimakola. Pamenepo bola felt kapena kugawa diso m'zigawo. Vuto lina ndi nthawi komanso kufananitsa, diso loyamba limatuluka bwino, lachiwiri ndiye limakuyesa mtima, ndipo njira yomwe inandithandiza ndi kuwerenga masitichi, loyamba likatenga 11 lachiwirinso 11.

French knot ndi kamfundo kaja kokulunga ulusi pa singano kamodzi kapena kawiri n'kubaya pafupi ndi pomwe watulukira. Ndi yachangu, sekondi zochepa diso latha, ndipo pa tizidole tating'ono ta pa makiyi kapena kambalame ka nsalu ya chitenje imakwana ndendende. Koma pa choluka imamira, imalowa pabowo la sitichi n'kusowa mkati mwa mutu, pokhapokha ubaye pakati pa wulu weniweniyo osati pabowo. Komanso imatuluka pamwamba ngati kanjere nde mwana amaitola ndi zala mpaka imamasuka. Sitsamwitsa ngati batani koma ulusi wotayirira sindiufunanso pa chidole cha khanda. Anthu ena amakulunga kasanu kuti ikule, ayi, imangogwa chammbali, ukafuna yaikulu wonjezera timaulusi.

Maso ogona, kamzere kokhota ka backstitch ndi tinsidze titatu kumapeto, awa ndi amene ndimauza aliyense woyamba kumene. Palibe chodzaza, palibe chokola, amalimba kuposa onse, ndipo pa chidole chogona nacho mwana amaoneka okoma mtima. Kuipa kwake n'koti chidole sichikuyang'ana, ana okulirapo a zaka 4 kapena 5 amafuna chidole chotsegula maso choti azicheza nacho.

Pa zoluka ndi crochet, tizidole totchedwa amigurumi tomwe tinachokera ku Japan, njira yosavuta ndi kukulunga ulusi pa sitichi imodzi yomweyo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mpaka papangike kadiso kotalika pang'ono. Apa ndimatenga timaulusi tonse 6 osalekanitsa. Kenako kasitichi kamodzi koyera kumtunda kwa diso, mbali yofanana m'maso onse awiri, kumanja konse kapena kumanzere konse. Kadontho koyera kameneka ndi kamene kamapatsa chidole moyo, chotsani muone, nkhope imangoti zii. Mukakayika mbali zosiyana chidole chimaoneka ngati diso lina likuyang'ana kum'mawa lina kumadzulo.

Palinso mkangano wa nthawi yopetera, thonje lisanalowe kapena litalowa. Lisanalowe nsalu ili fulati, ungayike pa hoop (mkombero wokungira nsalu), mfundo umamanga kumbuyo momasuka ndipo zimalimba, pa zidole za nsalu ndimatero. Kungoti mutu ukafufuma maso amatha kutalikirana kuposa mmene unaganizira. Litalowa umaona nkhope yeniyeni, umabaya mapini awiri a mitu yakuda n'kumasuntha mpaka isangalatse, ndipo mudzaona kuti maso otsika pang'ono, oyandikira mphuno koma otalikirana, amapangitsa chidole kuoneka ngati kamwana, okwera pachipumi amachikalambitsa. Pa zoluka ndimapeta thonje litalowa.

Ndipo apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, kumaliza kwa ulusi. Diso lopeta likamasuka nthawi zambiri vuto si sitichi, ndi kumapeto. Tengani singano yaitali, lowetsani kuseri kwa mutu kapena pakhosi, siyani mchira wa masentimita 10 kunja, tulukirani padiso. Mukamaliza maso onse bwererani kukatulukira pabowo lomwe lija munalowera, mangani michira iwiriyo mfundo kawiri, kenako ilowetseninso ndi singano, mukoke pang'ono kuti mfundo imire mu thonje, mudule ulusi uli wokokeka kuti kumapeto kuthawire mkati. Ngati nsalu ndi ya ubweya wautali metani pang'ono ndi sizasi pamalo a diso musanayambe, apo ayi ntchito yonse ibisika.

Nde ine kusankha kwanga kuli chonchi, khanda mpaka zaka 3 maso ogona kapena satin stitch yaing'ono, china ayi. Mwana wamkulu, chidole cha nsalu yolimba, ma safety eyes ndimalola koma ndi chigamba kumbuyo ndipo ndimakoka ndi mphamvu zanga zonse ndisanatseke mutu. Diso lalikulu la katuni felt yosokerera. French knot tizidole ta pa makiyi basi. Kanjovu kaja ndinakatenga, ndinachotsa diso lotsalalo, kutseka mabowo ndi wulu wotuwa n'kupeta maso ogona, ndipo kachapidwa kambirimbiri, wulu wa m'makutu wayamba kutha koma maso akadali pomwepo.