Chaka ndi miyezi iwiri ndi Line 6 Helix

Anzanga oimba gitala akhala akundifunsa ngati ndalama zomwe ndinagulira Line 6 Helix Floor, chida choponda ndi phazi chomwe chimatengera kaliridwe ka maampu a gitala osiyanasiyana, zinapita pabwino. Ndinkazengereza kuyankha, chifukwa chida chatsopano chimakoma m'makutu masabata oyambirira ngakhale chikhale chotani. Tsopano patha miyezi 14 ndikuimbira kutchalitchi Lamlungu lililonse, m'maukwati ndi m'zinkhoswe, ndiye ndikhoza kulankhula.

Mtima wanga unali pa ampu ya ma valve, timababu tagalasi tokweza mawu. Amene anaimbirapo Fender Twin Reverb akudziwa mmene imalirira, mawu oyera a mawati 85 osasweka ngakhale ukweze. Koma imalemera pafupifupi makilogalamu 30, ine galimoto ndilibe, ndipo ma valve akatha ndikanayenera kumaitanitsa kunja. Ndinaganizirako Kemper Profiler ya ku Germany, yomwe imakopera kaliridwe ka ampu yeniyeni, komanso Quad Cortex ya Neural DSP ya ku Finland. Ndinathera pa Helix chifukwa inatuluka kale mu 2015, oimba ambiri aiyesa mokwanira, ndipo zonse zili pansi pa phazi: pedo, mabatani, ndi timasikirini tosonyeza ntchito ya batani lililonse. Siifika makilogalamu 7. Msuweni wanga anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg, ndipo mpaka lero ndimaiika m'chikwama n'kukwera nayo minibasi.

Mwezi woyamba unandivuta, koma cholakwa chinali changa. Ndinkakonza mawu usiku kunyumba, pa mahedifoni, motsitsa kuti ana asadzuke. Kufika kutchalitchi gitala inkabaya m'makutu, kunsi kwake n'kumalimbana ndi bezi. Ndinadzazindikira zinthu ziwiri. Khutu la munthu silimva bwino mawu okhuthala ndi opyapyala kwambiri voliyumu ikakhala yotsika, choncho umawaonjezera osadziwa, ndipo ukakweza amasefukira. Chachiwiri, sipika ya ampu ya gitala payokha imadula mawu opyapyala opitirira pafupifupi 5 kapena 6 kHz, pomwe masipika a mu holo amatulutsa chilichonse. Nditadula kumwamba cha pa 6.5 kHz ndi kunsi cha pa 90 Hz, n'kuyamba kukonzera mawu pa nthawi ya pulakatisi gulu lonse likuimba, gitala inakhazikika pamalo pake. Amene mwangogula chida chotere, yambirani pamenepa musanaganize zogulitsa.

Za kuchuluka kwa maampu omwe ali m'katimo ndi zomwe zinandikopa pogula, koma si zomwe zandisunga. Muli malo 1,024 osungira ma preset, omwe ndi mawu amene wakonza n'kusunga. Ine ndimagwiritsa ntchito atatu. Pa rumba ndi sungura ndimatsegula Jazz Rivet 120, yotengera Roland JC-120 ya mu 1975 ija; ndikaikapo chorus pang'ono (yomveketsa gitala ngati zilipo zingapo) ndi delay yaifupi (yobwereza mawu), zala zikamathamanga kumunsi kwa gitala noti iliyonse imamveka payokha, ndipo ovina amadzuka. Kutchalitchi ndi US Deluxe Nrm, yotengera Fender Deluxe Reverb, yofewa, yosaphimba kwaya. Nyimbo ikafuna ukali pang'ono ndimapita pa Essex A30, yotengera Vox AC30. Zina zonsezo ndinaziyesa n'kuzisiya.

Chomwe sindingachisiyenso ndi ma snapshot, omwe ndi makonzedwe osiyanasiyana a preset imodzimodzi. Preset imodzi imakhala nawo 8, ndipo ukaponda batani limodzi delay, reverb ndi voliyumu zimasinthira pamodzi popanda mawu kuduka. Mtsogoleri wa nyimbo akatembenuka mwadzidzidzi kuchoka pa nyimbo yachifatse kulowa kolasi yovina, monga amachitira athuwa osachenjeza, ndimakhala nditafika kale.

Ubwino weniweni ndinauona pa khomo la XLR lakumbuyo. Ndimapereka nthambo imodzi kwa woyendetsa mikisa, basi. Palibenso kuika maikolofoni pa sipika, palibenso kukangana kuti ampu yakwera kwambiri. Mawu omwe ndinakonza Lachinayi ndi omwewo Loweruka ku ukwati ndi Lamlungu m'mawa. Ku holo ina kunali phokoso la hamu mu masipika. Ndinangodina batani la ground lift, linatheratu.

Pali chomwe ndimachisowa. Ampu ya ma valve ikakhala kumbuyo kwako mawu amakugunda pamsana, gitala n'kumayankha m'manja. Chida chamtundu uwu, kaya ndi cha kampani iti, chimakupatsa mawu a ampu yojambulidwa ndi maikolofoni, ndipo umawamva malinga ndi sipika yomwe wapatsidwa. Ku ukwati wina wakumudzi ndinapeza masipika awiri otopa, opanda monita (sipika yodzimvera oimba), ndipo tsiku lonse sindinadzimve. Nditabwerako ndinagula sipika yanga yokhala ndi ampu m'kati. Mtengo umenewu uwerengereni limodzi pokonza bajeti.

Magetsi nawonso musawaiwale. Helix imalandira mavoti 100 mpaka 240, koma m'kati mwake ndi kompyuta, ndipo magetsi akaphethira imayamba kaye kuyakanso kwa masekondi angapo nyimbo ili m'kati. Zinandichitikira jenereta itatsamwa pa chinkhoswe. Tsopano ndimayenda ndi ka UPS kakang'ono, kabatire kopereka magetsi akazima, kamenenso kamaiteteza magetsi akabwera mwamphamvu.

Mnyamata wina wa m'gulu lathu la achinyamata anandifunsa sabata yatha ngati asonkhe ndalama za Helix Floor. Ndinamuuza kuti ayang'ane HX Stomp, Helix yaing'ono yomwe inatuluka mu 2018: maampu ake ndi omwewa, imakwana m'thumba la gitala, kungoti mabatani ndi atatu ndipo siinyamula zinthu zambiri nthawi imodzi. Ndalama zotsalazo agulire sipika yabwino. Yanga yaikuluyi ndikuisunga, chifukwa pedo ya voliyumu ndi mabatani ambiri aja phazi langa linazolowera, ndipo Loweruka likubwerali tili ndi ukwati wina.