Fly plaid yanga patatha chaka: yokongola, koma yandiwonongera jekete

Achimwene ena a kuno ku Glasgow akukwatitsa mwana wawo kwa mnyamata wa konkuno, ndiye anandifunsa ngati agule fly plaid, nsalu ija imagwera kumsana kuchokera paphewa lakumanzere munthu akavala kilt (chovala cha amuna a ku Scotland chooneka ngati siketi), kapena angobwereka. Yanga ndinagula chaka chatha. Ndapita nayo ku ukwati, ku Burns Night ya pa 25 January (usiku wokumbukira mlakatuli Robert Burns) ndi ku ma ceilidh (maphwando a magule achikhalidwe cha kuno), choncho ndiyankhire pano kuti enanso amve nawo.

Nsalu yokha ilibe mlandu. Ndi ubweya wa nkhosa weniweni, sinasuluke, mphonje zake zopota sizinamasuke. Ikakhwinyika ndimaipachika kubafa posamba, nthunzi n'kuiwongola. Njenjete sizinaigwire chifukwa imakhala m'chikwama chotseka. Pa zithunzi ndiye musanene, plaid yanga ya mtundu wa Black Watch, yobiriwira moderapo ndi mizere yakuda ndi yabuluu, imampatsa munthu ulemu ndithu.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi kulemera. Kilt yanga ndi ya nsalu yolemera, ya 16 oz, ndipo wogulitsa anati plaid ikhale ya nsalu yomweyo kuti zigwirizane. Ndi nsalu yopitirira mita imodzi mbali zonse. Kona imodzi anaisoka mopindapinda, imalowa pansi pa kalamba ka paphewa la jekete yovalira kilt yotchedwa Prince Charlie, kenako mumaibaya ndi brooch (phini wokongoletsa) pachifuwa. Ndiye kuti katundu yense akulendewera pa kabatani kamodzi ndi singano ya brooch. Akale a ku Highlands, kumapiri a Scotland, analibe vuto limeneli. Iwo ankavala feileadh mòr, chinsalu chimodzi chachitali chomangidwa ndi lamba m'chiuno, gawo lakumtunda n'kuponya paphewa, kulemera kwambiri kukutsamira pa lamba. Fly plaid yangotsanzira gawo lakumtundalo, lamba n'kumusiya.

Zotsatira zake, ukangoyenda pang'ono jekete yayamba kale kutsetserekera kumbuyo, kolala ikukwera, brooch ikusendera kukhosi, dzanja limangokhalira kukokera jekete kutsogolo. Pokhala pampando ukaiwala kuisuntha umaikhalira, n'kumva ngati mwana wa kumbuyo akukukoka mbereko.

Tsiku loipitsitsa linali la Burns Night. Titatha kudya haggis, chakudya chamwambo cha usikuwo, anayamba Strip the Willow, gule uja mumakolana mikono n'kumazungulira mothamanga mpaka kumapeto kwa mzere. Plaid inkauluka mokongola, koma mayi wina pofuna kukola mkono wanga anagwira nsalu. Ndinangomva kuti thwa! Batani linagwa pansi, kalamba kanasomphoka, singano ya brooch inang'amba jekete pachifuwa kutalika ngati chala. Mayiyo anapepesa kwambiri, koma mlandu sunali wawo. Telala anandilipiritsa £35, ndipo pamene anasokapo pamaonekabe ukayang'anitsitsa. Usiku umenewo ndinalumbira kuti sindidzaivalanso.

Ndinabwerera ku shopu ndi jekete ndi plaid yomwe. Mwini wake anandiyankha mwaulemu koma mouma: plaid anachita kundisokera ine, sangailandire, komanso chowonongeka ndi jekete, osati katundu wawo. Ndinawakumbutsanso kuti padzuwa plaid imaoneka yowala pang'ono kuposa kilt. Anati n'chifukwa choti ndinazigula nthawi zosiyana, ulusi wake sunanyikidwe mu utoto limodzi. Zoona zimenezo, koma bwanji osandiuza ndisanapereke ndalama?

Amene anandithandiza ndi mayi wachikulire wogwira ntchito kumbuyo kosokera. Anandiitana, n'kutenga phini wamkulu wotsekera, kulumikiza plaid ndi phewa la jekete m'kati, pamene pali nsalu yochindikala. Brooch anati izibaya plaid yokha, jekete ayi. Anandiuzanso kuti gule akayamba ndizivula n'kuikoleka pampando, popeza eni ake ambiri amatero. Sanalandire kalikonse. Chiyambire pamenepo jekete imakhazikika, ngakhale kukoka sikunatheretu.

Mtima unabwererako pa ukwati wina m'nyengo yozizira. Tikudikira taxi panja, mphepo ikuwomba, ndinamasula plaid n'kufunditsa mkazi wanga, ndipo anafika kunyumba osanjenjemera. Masiku ngati amenewo ndimati ndalama zanga sizinapite pachabe. Ndikaona chipsera pa jekete ndimabwereranso pomwe paja.

Tiwerengetse. Plaid £120, brooch £40, telala £35, zonse pa nsalu imene imatuluka m'nyumba mwa apo ndi apo, ndipo ikatuluka theka la usiku imakhala pampando. Pa maukwati a kuno kawirikawiri ndi mkwati amene amavala plaid kuti asiyane ndi anzake, alendo amangovala kilt ndi jekete. Choncho achimwene, inu bwerekani kumene mukubwereka kilt, mufunse kaye apongozi anu ngati makolo akuvala nawo. Mukaumirira kugula, itanitsani kilt ndi plaid tsiku limodzi, muone nsalu zonse panja padzuwa, ndipo akuonetseni kamangidwe kake musanalipire. Shopu ija ine sindidzagulakonso chinthu chachikulu. Ndikapitako ndi kukangosoketsa kwa mayi aja.