Double crossover ya Kato pa njanji yanga ya N scale

Kuno ku Lilongwe sindinaonepo sitolo yogulitsa zipangizo za masitima ang'onoang'ono, moti kachitsulo kakathyoka palibe kothamangira. N'chifukwa chake ine posankha chinthu ndimayamba ndafunsa ngati chidzagwire ntchito ndikangochitulutsa m'bokosi, zokongola zimabwera pambuyo. Pa muyeso umenewu double crossover ya Unitrack, njanji zolumikiza za kampani ya Kato ya ku Japan, nambala 20-210, yandikhutiritsa, ngakhale ili ndi makhalidwe ena otopetsa.

Njanji yanga ndi ya N scale, ija mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri umangokhala mamilimita 9. Ili pa thabwa m'chipinda cha kuseri kwathu ku Area 25, mizere iwiri yozungulira, wina kunja wina mkati. Ndinkafuna sitima izichoka mzere wakunja kulowa wamkati, kenako n'kubwereranso kunja osabwerera chafutambuyo. Ntchito imeneyi ndiyo ya double crossover: mphanda zinayi za njanji zolumikizidwa pamodzi, njira zake ziwiri zodutsana pakati ngati X.

Mnzanga wina amene anagwirako ntchito ya njanji ataiona anaseka, amvekere, "Achimwene, izi mwaziona kuti ku Malawi kuno?" Sananame. Njanji yathu yochokera ku Salima, imene inafika ku Lilongwe mu 1979, ndi mzere umodzi wokha, ndipo masitima amapatsana mpata pa siteshoni. Ndinangomuyankha kuti chibale chilipo ndithu, chifukwa mpata wa njanji yathu, mamilimita 1,067, ndi womwewo wa njanji zambiri za ku Japan kumene kuli Kato. Sanagonje, komabe anakhala mpaka madzulo akuyendetsa sitima.

Ndisanagule ndinalingalira njira zina ziwiri. Yoyamba inali double crossover ya kampani ya Peco ya ku England, SL-E383F, ya njanji ya zitsulo zooneka zopyapyala yotchedwa code 55. Pa maonekedwe, Kato siyingapikisane nayo: matabwa ake a pansi ndi osalala bwino, ndipo ukathira timiyala pawekha imaoneka ngati njanji yeniyeni. Koma imabwera yopanda mota. Uyenera kugula mamota anayi, kuboola thabwa malo anayi, ndiponso kulumikiza mawaya osintha magetsi pa malo amene zitsulo zimadutsana. Waya umodzi ukasokonekera, sitima ikangofika pakati magetsi athima. Amene amakonda kukhala pansi pa tebulo ndi chowotcherera mawaya angaikonde. Ine msana sundilolanso.

Njira yachiwiri inali kugula ma single crossover awiri a Kato yomweyo, aja okhala ndi njira imodzi yokha yowolokera, wakumanja ndi wakumanzere. Iliyonse ndi yaitali mamilimita 248, ndiye kuti ziwiri zimadya 496, pomwe double crossover imatha pa 310. Pa thabwa laling'ono ngati langa, mamilimita 186 otsalawo ndi malo a siteshoni. Komanso mphanda za ma single crossover aja zimakhota mwamsanga, zimene mabogi ataliatali a anthu sagwirizana nazo.

Ya Kato ili ndi mamota anayi obisika m'kati mwa pulasitiki ya pansi pake, ndipo pamatuluka chingwe chimodzi chokha. Chingwecho umachilowetsa pa swichi yawo, nambala 24-840, imene imamatirira m'mbali mwa power pack, kabokosi kopereka magetsi ku njanji ndi kuwongolera liwiro la sitima. Ukakankha kamtengo ka swichi umamva "thaa!" mphanda zonse zinayi zasuntha. Chenjerani, swichiyo m'bokosi mulibe. Ine ndinaitanitsa pa intaneti zonse pamodzi, swichi, chingwe chowonjezera ndi timajoini tapadera ta UniJoiner, zinafikira kwa alamu anga ku Johannesburg, iwo n'kubwera nazo pa basi. Kuitanitsa kachinthu kamodzikamodzi n'kudzipweteka, ndalama yotumizira imaposa mtengo wa katunduyo.

Pa kuika pake ndi pamene pali nkhani. Chinthuchi n'chachitali komanso chopyapyala, ndipo chimafuna malo osalala kwenikweni. Pulayiwudi yathuyi nthawi ya dzinja imayamwa chinyontho n'kupindika, choncho kalipentala wa kuno kwathu anandikhomerera timitanda pansi pake. Thabwa likangotukuka pang'ono pakati, kansonga ka mphanda sikagundana bwino ndi chitsulo, gudumu limalowa pampata, bogi ili pansi. Pa chifukwa chomwecho sindinaikhomere misomali kapena kuimata guluu. Ndinamanga njanji zoyandikana nayo mbali zonse, iyo ndinaisiya yongogwiridwa ndi majoini, kuti tsiku lina ikadzavuta ndidzaizule popanda kuphwasula zambiri.

Mizere yake iwiri ndi yotalikirana mamilimita 33, ndipo njanji yonse iyenera kutsatira muyeso umenewo. Makona a Kato anawapanga motero kale: kuyeza kuchokera pakati pa bwalo lake, wakunja ndi mamilimita 315, wamkati 282, kusiyana kwake 33. Kutsidya kwa bwalo, moyang'anana nayo, ndinaika njanji yowongoka ya 248 ndi ina ya 62 kuti zikwane 310, apo ayi bwalo silitsekeka. Ndinasiyanso kanjanji kowongoka pakati pa kona ndi crossover. Sitima ikatuluka pa kona n'kukhotera nthawi yomweyo mbali ina, zolumikizira mabogi zimakokana ndipo bogi yopepuka imadumpha.

Magetsi ndiwo amasokoneza ambiri. M'kati mwake zitsulo zina anazidula dala kuti mzere wakunja ndi wamkati usagawane magetsi, zimene zimakulola kuyendetsa masitima awiri, iliyonse ndi power pack yake. Koma zikutanthauzanso kuti simungadalire magetsi kudutsa pa crossover kukafika tsidya linalo. Ine ndinapereka mawaya a magetsi ku miyendo yonse inayi, ndipo ndinayeza ndi mita kuti waya woyera ukhale ku chitsulo cha mbali imodzimodzi pa mizere yonse iwiri. Powolotsa sitima, ma power pack onse aloze mbali imodzi ndiponso liwiro lifanane, apo ayi injini imanjenjemera pakati kapena kuima. Muwerengenso zolembedwa pa adaputala musanailowetse pa khoma. Magetsi athu ndi 230 V, a ku Japan ndi 100 V, a ku America 120 V, ndipo si adaputala iliyonse imene imalandira onsewa.

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti pa swichi mphanda zinayi zija zimayendera limodzi, zonse zowongoka kapena zonse zokhota. Zikakhota, mizere yonse iwiri yatsekeka kwa sitima yofuna kupitirira, ndipo ukaiwala kubweza swichi masitima awiri amakakumana pa X paja. Adzukulu akabwera ndimakhala pafupi ndi swichiyo ine mwini. Mamota anayi kukoka nthawi imodzi amafunanso mphamvu yochuluka. Ndi adaputala yofooka, mphanda imodzi imatsalira theka. Ndiye pali mtundu wa pulasitiki ya pansi ija, wotuwa mbee, wosafanana ndi dothi lathu lofiira. Ndinaipaka penti yosungunula kwambiri m'mbali mokha, kutali ndi tizitsulo tosuntha. Guluu kapena timiyala tikalowa mmenemo, mwataya ndalama.

Mdani wamkulu kuno ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, ngakhale mutseke mawindo, limalowa basi. Injini zazikulu zokoka magetsi ndi magudumu ambiri zimadutsa osazindikira, koma kainjini kanga kakafupi kosunthira mabogi pa siteshoni kamadodoma pa X pakangokhala fumbi pang'ono. Ndikamaliza kuyendetsa ndimafunditsa thabwa lonse ndi zitenje zakale za mayi a kunyumba, ndipo ndisanayambe ndimapukuta zitsulo ndi kansalu konyowetsa sipiriti. Sandipepa ayi, imakanda chitsulo ndipo litsiro limakhazikika m'mikwingwirima. Mafuta ayinso, amaitana fumbi lomwelo.

Mabogi a katundu opepuka, makamaka powakankha chammbuyo, ankadumpha pa mphanda yachiwiri. Ndinamata timawashala tiwiri ta ku hadiweya m'kati mwa iliyonse, pamwamba pa magudumu, ndipo anasiya. Imodzi yokha inapitiriza, ndipo nditayeza ndinapeza kuti magudumu ake anali othinana kuposa a anzake. Ndinawatambasula pang'ono ndi chala, tsopano imadutsa ngati inayo.