Mipeni ya butterfly ija, wa mano ndi wosalala, patatha miyezi 6

Anthu angapo pa Chitakale akhala akundifunsa za mipeni iwiri ija, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi. Ndinagula kwa alamu anga atabwera ku Joni, yonse ndi ya butterfly, ija zogwirira zake zimakhala ziwiri zimatseguka ngati mapiko n'kukakumana kumbuyo. Wina ndi wosalala kuyambira kunsonga mpaka kutsinde, winayo theka lakutsinde lili ndi mano ngati a sowo. Dzina la kampani palibe, anangolemba kuti stainless. Ndalama ndinaperekayo ndikanagula mipeni yopinda ya okapi ingapo, mayi akunyumba mpaka pano sakudziwa mtengo weniweni kkkk.

Geni yanga ndi ya zinanazi ndi nthochi, ndimapikula m'midzimu n'kukagulitsa ku Limbe, zina ndimasendera anthu pompo pamsewu. Ndiye mpeni umakhala m'manja tsiku lonse, si wongoonetsera ayi.

Pa chinanazi wosalala uja alibe mnzake. Ndikaunola bwino umalowa ngati ukudula peyala lakupsa, umatsata mmene chinanazi chakhotera, ndipo kansonga kake kamakolowola timaso tija osataya mnofu wambiri. Wa mano ndinauyesa tsiku loyamba lomwe, eee, umachita kukhadzula, madzi kuchucha mpaka m'chigongono, chidutswa kuoneka ngati chatafunidwa kale. Mayi ena achikulire anangochiyang'ana amvekere, "achimwene chimenecho mudye nokha, ine mundisendere china ndi mpeni wa anthu." Ndinaseka koma manyazi anandigwira. Chinangwa, mbatata, nzimbe, kusongola kamtengo, zonsezi wa mano amangokodwakodwa.

Koma ikakhala nkhani ya chingwe zinthu zimatembenuka. Cha nayiloni chomangira matumba, cha khonje, mphira zija timamangira katundu pa njinga, wosalala akangobuntha pang'ono amangoterereka pamwamba iwe thukuta kamukamu, pomwe wa mano ukakoka kawiri chaduka. Tsiku lina tili pa Luchenza katundu anapendekera mbali imodzi pa lole, mvula ili pakati, mfundo zanyowa zalimba gwa zosamasulika, kondakitala akulimbana nazo ndi mano ake enieni, ine ndinangotulutsa wa mano uja n'kudula zingwe zitatu pompo, tinamanganso bwinobwino. Tsiku limenelo ndinaupatsa ulemu. Chimachitika n'choti timano tija timakola ulusi wa chingwe n'kumaudula pang'onopang'ono, komanso tikamagunda pa thabwa kapena chitsulo zimene zimabuntha ndi nsonga zokha, m'mipata mwake mumakhalabe mwakuthwa. N'chifukwa chake umatenga nthawi usanafune kunola.

Vuto ndi tsiku lomwe udzafune kunolalo. Wosalala ndimangoukhwekhweza pamwala wathu wa kuseri kwa khitchini, timadzi pang'ono, nthawi yochepa wayamba kumeta ubweya wa pamkono. Wa mano pamwala sizitheka, pamafunika katupa kozungulira kowonda, ulowetse mpata uliwonse pawokhapawokha, mbali imodzi yokha ija inasongoledwa. Ine ndinalibe katupako ndiye ndinakaupereka kwa bambo ena onola mipeni mumsika, iwo anangouyika pa gudumu lawo ngati chikwanje, pobwera nawo mano ena afafanizika, otsalawo afupika. Sindinakangane nawo, olakwa ndine amene sindinawauze. Chinanso chomwe sindinachiganize pogula, manowo anawayika kutsinde, pomwe pali mphamvu ya chala chachikulu ukamasenda, ndiye mbali yosalala yotsalayo ndi kachidutswa chabe. Mpeni umodzi ntchito ziwiri, koma iliyonse mwatheka.

Tsopano za butterfly weniweniyo. Mipeni imeneyi kwawo ndi ku Philippines, dera la Batangas, amaitcha balisong, ndipo kumeneko inali mipeni ya m'thumba ya ntchito wamba, zozunguza m'manja ngati za pa TikTok zi ndi nkhani ina. Zabwino zake zilipo shuwa. Ukautseka chitsulo chonse chimabisika mkati mwa zogwirira, thumba la buluku silibooka. Ukautsegula n'kufumbata zogwirira zonse ziwiri sungakupindikire pa zala, ndipo mulibe sipuling'i yoti ingathyoke. Ukazolowera umatsegula ndi dzanja limodzi lina lili ndi chinanazi, zimathandiza.

Koma kuzolowerako kuli ndi mtengo wake amwene. Pa zogwirira ziwirizo chimodzi chimatsekera kumsana kwa mpeni, chinacho, chomwe nthawi zambiri chimakhala ndi kachingwinjiri kotsekera kaja, chimatsekera kokuthwa. Ukagwira chimenecho pozunguza, mpeni umabwerera pa zala zako. Ine sabata yoyamba unandidya chala chamkombaphala, mwamwayi unali wosalala, bala linali loongoka linapola msanga, akanakhala wa mano bwenzi tikunena zosoka. Ndinamva mochedwa kuti kuli ina yophunzirira yosathwa, imakhala ndi mabowo pachitsulo. Amene muli ndi ana pakhomo muziyika patali, chifukwa kamwana kakangoona ukuzungulira kamayesa chidole.

Kenako timisomali tomwe zogwirira zimazungulirapo tinayamba kukhwepa mwezi wachitatu, panopa mpeni umagwedera pang'ono ndipo umalira khwechekhweche poyenda. Madzi a chinanazi nawo amalowa m'ngalande za zogwirira n'kuumiramo, m'mawa upeza wamata, nyerere zili mbwee. Ndimatsuka madzulo aliwonse, kupukuta, n'kudonthezera mafuta a makina osokera, apo ayi chinyezi cha kuno ku Mulanje sichiona kuti analemba stainless, timadontho ta dzimbiri timabwera ndithu. Okapi wanga wakale zonsezi analibe nazo ntchito, amangofuna mwala.

Ndipo anthu amakuonera kumbali. Okapi nayenso ali ndi mbiri yake, koma ukamutulutsa pa benchi ya zinanazi palibe amatembenuka, uwu ukangoti khwakhwa anthu mu minibasi amakhala chete. Ku UK lamulo la 1988 linaletsa kugulitsa mipeni imeneyi, ku Germany anailetsa mu 2003, ndiye amene mumayenda maulendo akunja musaiponye m'chikwama mwachisawawa. Ine ndikamapita ku Limbe wa mano amakhala pansi pa chikwama cha zingwe, pa rodibuloko sindifuna mafunso ambiri.

Wosalala ndimupatsa nyenyezi 3 pa 5, wa mano 2, ndipo ziwirizo ndi za tsiku la pa Luchenza lija. Alamu aimba dzana kuti Disembala abweretsa wina wamitundumitundu wowala ngati utawaleza, ndawauza kuti ameneyo asiye konko, andigulire katupa kozungulira kaja basi.