Fulati ya chipinda chimodzi ku Katoto: nyumba yabwino, mapepala osakwana

Sabata yatha ndinapita kawiri kukaona fulati ya chipinda chimodzi chogona imene ikugulitsidwa ku Katoto, m'nyumba yosanjikizana ya mabanja anayi, ndipo ndaona kuti n'koyenera kufotokoza zimene ndinapeza, chifukwa anzanga ambiri ogwira ntchito muno mu Mzuzu atopa ndi lendi ndipo akufuna kanyumba kakang'ono koti azikatcha kawo.

Malowo ndi amene anandikoka poyamba. Mzuzu si mzinda wakale ngati Zomba kapena Blantyre, popeza unayamba ndi esiteti ya mitengo ya tung (mitengo imene njere zake amayengera mafuta) imene kampani ya boma la Britain inatsegula cha m'ma 1947, ndipo unakhala mzinda mu 1985. Komabe Katoto ndi limodzi la madera okhazikika kalekale, a misewu yodulidwa bwino ndi mitengo ikuluikulu, kumene munthu sadzuka m'mawa n'kupeza kuti wina wamanga khoma potseka njira. Kuchokera pa geti ndinayenda wapansi mpaka pa Shoprite osafuna kabaza, ndipo amene amagwira ntchito ku Mzuzu Central Hospital kapena ku Mzuzu University ku Luwinga akhoza kukwera takisi pa msewu wa M1 mosavuta.

Fulatiyo ili pansi, mbali ya kum'mawa. Pabalaza pakukwana mipando ndi tebulo lodyera la anthu anayi, khitchini ndi yopapatiza koma ili ndi sinki yatsopano ndi makabati olimba, ndipo chipinda chogona chili ndi wadirobu yomangira kukhoma. Makoma ndi a njerwa zootcha zochindikala, mtundu umene amisiri a masiku ano sakumanganso, ndipo mawindo onse ali ndi zitsulo zoteteza akuba. Mita ya ESCOM ndi yolipiriratu komanso ndi ya fulati iyi yokha, zimene zikutanthauza kuti sipadzakhala mikangano ya mayunitsi. Madzi a Northern Region Water Board anali kutuluka ndi mphamvu masiku onse awiri, koma mita yake ndi imodzi ya mabanja onse anayi, ndipo amene anakhalapo m'nyumba za mita imodzi akudziwa mmene bilu imadanitsira anthu.

Chimene chinandidetsa nkhawa ndi chinyontho. Aliyense wokhala mu Mzuzu akudziwa kuti kuno mvula imachedwa kusiya, ndipo mu Juni ndi Julayi kumachita mawawa ndi nkhungu mpaka zovala kukana kuuma pa chingwe. Tsiku loyamba penti yatsopano inandikopa, koma nditabwerera m'mawa wa tsiku lachiwiri ndinatsegula wadirobu n'kumva fungo la chuku, ndipo nditagwira khoma la kumbuyo kwake pafupi ndi pansi ndinapeza kuti ndi lozizira ndiponso penti yayamba kale kufufuma. Nditazungulira panja ndinaona chifukwa chake: paipi yotsitsa madzi a padenga inathyoka, kotero madzi amathira m'mbali mwa maziko, komanso ngalande inadzaza ndi dothi. Vutoli ndi lokonzeka ndipo silingadye ndalama zambiri, koma denga ndi ngalande ndi za anthu onse a m'nyumbamo, ndiye wogula ayenera kudziwiratu amene amasonkhetsa ndalama zokonzera ndi zimene zimachitika wina akakana kusonkha.

Ejenti amene anandionetsa nyumbayi anafika pa nthawi yake, anandilandira mwaulemu, ndipo sanandiumirize. Pa nkhani ya mapepala ndi pamene anandikhumudwitsa. Nditamufunsa kuti, "Bambo, kodi fulati imeneyi ili ndi chikalata cha umwini chakechake?" anandionetsa fotokope ya lizi ya puloti yonse, yolembedwa m'dzina la mwini nyumba, n'kunena kuti zogawa zidzakonzedwa ndikapereka dipoziti. Ine sindingavomere zimenezo, ndipo sindingalangize m'bale wanga kuvomera. Kugula gawo la nyumba imene yakhala pa puloti imodzi n'kosiyana ndi kugula nyumba ya payokha, chifukwa ngati dzina lanu silinalembedwe ku ofesi ya zamalo, mwini wake akhoza kukatengera ngongole ku banki pa puloti yonseyo, kapena akamwalira ana ake akhoza kukuonani ngati munthu wa lendi. Musanatulutse ngakhale tambala, pezani loya wanuwanu, osati wa wogulitsa, kuti akafufuze ku kaundula wa malo muno mu Mzuzu ngati pali ngongole, zaka zimene zatsala pa liziyo, ndiponso ngati ndalama za pachaka za malo ndi msonkho wa ku khonsolo ya mzinda zinalipiridwa. Kalata ya bungwe lotolera misonkho la MRA yotsimikiza kuti wogulitsa alibe ngongole ya msonkho imafunikanso posintha umwini.

Mtengo umene akutchula ndi woyenera nyumba ya mapepala okwana ndi khoma louma, ndipo pakali pano fulatiyi ilibe zonse ziwiri. Kwa namwino, mphunzitsi kapena banja longoyamba kumene, kukula kwake ndi malo ake n'zabwino kwambiri, moti mtima wanga sunachokepo. Ndamuuza ejentiyo kuti andiimbire foni mwini wake akakonza paipi ija ndi kuvomera kukumana ndi loya wanga, ndipo Lachisanu likubwerali ndikaonanso khomalo mvula ikagwa.