Ndinayezetsa nthaka ku labu, ndemanga yanga ndi iyi

Alimi anzanga, amene mwakhala mukufunsa ngati kuyezetsa nthaka ku labu kuli ndi phindu kapena ndi njira ina yongodyera anthu ndalama, yankho langa ndi loti yezetsani. Ine ndinayezetsa munda wanga, lipoti ndinalandira, ndaligwiritsa ntchito, ndipo ngakhale pali zingapo zimene labu imeneyi inandikhumudwitsa nazo (ndizinena m'munsimu, dzina lokha ndiye sinditchula), ntchito yeniyeni yoyezayo ndi yoyenera ndalama yake. Chimene ndikukana ndi mtima wonse ndi kachipangizo kaja ka miyendo iwiri yachitsulo kamene amati kamayeza zitatu nthawi imodzi, pH (muyeso wa asidi m'dothi), chinyezi ndi kuwala, kongobaya pansi basi muvi nkuloza nambala.

Ndiyambe ndi kameneka kuti tithane nako. Kalibe batire, ndipo ogulitsa amaunena ngati ubwino, koma mmene kamagwirira ntchito ndi kuti kunsonga kwa mwendo kuli zitsulo ziwiri zosiyana, zikakhudza dothi lonyowa pamatuluka kamphamvu kamagetsi kochepetsetsa kamene kamakankha muviwo. Ndiye muvi umatsata kwambiri kunyowa kwa dothi ndi mchere umene uli m'madzi akewo, osati asidi weniweni. Ngati muli nako yesani nokha, tengani dothi la pamalo amodzi muike m'makapu awiri, kwina muthire viniga kwina musakanize phulusa, konse kunyowe mofanana. Viniga ndi asidi, phulusa limapha asidi, manambala amayenera kutalikirana zedi. Kanga muvi unangogwedera pang'ono pafupi ndi 7 konsekonse. Kuyezera chinyezi cha maluwa a m'mphika mwina kangathandize, koma munthu kupanga chiganizo cha munda wonse potengera kameneka, ayi ndithu.

Chifukwa chake ndikulimbikira pa pH ndi choti ndiye nambala imene imalamulira zina zonse pa lipotilo. Muyeso umenewu anauyambitsa ndi Søren Sørensen mu 1909 ku Carlsberg Laboratory mumzinda wa Copenhagen, umayenda kuchoka pa 0 kufika 14, pakatikati ndi 7, kutsika pansi pa 7 ndiye asidi. Pamene ambiri sitizindikira ndi poti kutsika ndi nambala imodzi yokha ndiye kuti asidi wachuluka kakhumi. Dothi la pH 5 lili ndi asidi kakhumi kuposa la 6, la 4 ndiye ka 100. Mbewu zambiri zimakondwa pakati pa 6 ndi 7, zilipo zina ngati tiyi zimene zimafuna dothi la asidi, koma zimenezo ndi zochepa. Ikatsika pansi pa 5.5 aluminiyamu wa m'dothi amayamba kusungunuka, ndipo ameneyu amawononga nsonga za mizu, mizu imakhala yaifupi yonenepa yosalowa pansi, mvula ikangodula pang'ono mbewu ndiye zafota kale pamene za mnzako zikadali chiimire. Pomweponso fosifolasi amene mwathira amagwidwa ndi ayironi ndi aluminiyamu, amakhalamo m'dothimo koma mbewu singamutenge. Tizilombo tija timapanga timaso pamizu ya nyemba ndi soya kuti tizikoka naitirojeni wa mumpweya, natonso sitigwira bwino m'dothi la asidi. Ndipo chowawa nchoti feteleza amene timamudalira, yureya komanso makamaka ammonium sulphate, amawonjezera asidi chaka ndi chaka. Munthu ukuona zokolola zikutsika, ukuwonjezera matumba, kumeneko ndiye ukukulitsa vuto lomwelo osadziwa.

Tsopano za labuyo. Choyamba chimene ndinawakondera, asanalandire dothi anayamba andifunsa kuti ndikalitenga bwanji, nkundipatsa kapepala ka malangizo. Apa mpamene pagona nkhani yonse anzanga. Kuchipatala akamakutengani magazi, kadontho kamodzi kamakwana chifukwa magazi amazungulira thupi lonse nkumasakanikirana okha, koma dothi silisakanikirana lokha, pamene mwaima ndi pamene pali mita 10 kutsogolo pakhoza kukhala posiyana. Ndiye amati gawani munda molingana ndi mmene ukuonekera, kumtunda padera kumunsi padera, pofiira padera pakuda padera, pamene munalima mbewu zosiyana padera. M'gawo lililonse muziyenda mokhotakhota nkumakumba malo 15 kapena 20, kuya masentimita 20, kudula kachigawo kofanana kuchokera pamwamba mpaka pansi. Osatenga pachulu, pamene panali mulu wa manyowa, pamene munawotcha zinyalala, m'mphepete mwa njira kapena pansi pa mtengo. Zonse muziponya mundowa yapulasitiki, osati yamalata chifukwa yamalata imakutidwa ndi zinki ndipo ikhoza kunamiza zotsatira za zinki. Musakanize bwinobwino, mutapepo theka la kilogalamu, muyanike pamthunzi osati pamoto, mulembe chizindikiro pajumbo. Kutopetsa kumatopetsa, msana umamva, koma labu olo ikhale ndi makina okwera mtengo bwanji, imayeza chimene mwaibweretsera basi.

Popereka dothilo ndinapempha kuti ndione nawo mmene amachitira ndipo sanakane. Mayi amene anali pabenchi anandionetsa dothi la munthu wina louma kale, analiphwanya nkulisefa pasefa wa mamilimita 2, timiyala ndi timizu kutsala pamwamba. Anayeza magalamu 10 pasikelo, kuthira madzi osungunulidwa opanda mchere mamililita 25, kuika pamakina ogwedeza, kenako nkulisiya kuti lidikhe. Asanaviike kandodo kagalasi koyezera pH anayamba akaviika m'timabotolo tiwiri ta madzi odziwika kale, ofiirira a pH 4 ndi achikasu a pH 7, kuti makinawo awakonze aziwerenga zoona, ndipo pakati pa dothi lina ndi lina amakatsuka. Chinandigwira mtima kwambiri ndi kabotolo kena kamene kanali pamzere womwewo kopanda dzina la mlimi. Nditafunsa anati limeneli ndi dothi lathu loti yankho lake timalidziwa kale, timaliika m'gulu lililonse, likatuluka molakwika ndiye kuti gulu lonselo tibwerezanso. Apo mpamene ndinakhulupirira kuti anthuwa sakungolemba manambala a m'mutu.

Michere ina anayezera njira yotchedwa Mehlich 3, imene anaikonza Adolf Mehlich wa ku North Carolina, America, ndipo inasindikizidwa mu 1984. Ubwino wake ndi woti ndi mankhwala amodzi omwewo amatulutsa fosifolasi, potaziyamu, kashiyamu, maginiziyamu, zinki ndi ina nthawi imodzi. Koma dziwani kuti si njira yokhayo, pali ya Bray ya mu 1945 imene imayenda bwino m'dothi la asidi, palinso ya Olsen ya mu 1954 imene amaikonda m'dothi la laimu wambiri. Dothi lomwelomwelo mukaliyeza ndi njira zitatuzi manambala a fosifolasi atuluka osiyana, ndipo palibe amene wanama. Ndiye osatenga lipoti lanu nkumaliyerekeza ndi la mnzanu wa labu ina musanaone kuti anayezera njira yanji.

Zanga zinatuluka chonchi: gawo lakumtunda pH 5.0, lakumunsi 6.2. Munda umodzi womwewo eti. Kumtundako fosifolasi wopezeka kwa mbewu anali wochepa ngakhale ndi kumene ndakhala ndikuthira feteleza wokulitsa wambiri, maginiziyamu nayenso wochepa, pamene potaziyamu anali wokwana konsekonse. Ndi zomwe katswiri wa ku Germany Carl Sprengel anazilemba mu 1828, katswiri wina wa komweko Justus von Liebig nkuzitchukitsa, kuti mbewu imakula molingana ndi chimene chikuperewera kwambiri, zina olo zichuluke bwanji. Malangizo awo anali oti kumtunda ndithire laimu wa dolomite chifukwa ameneyu amabweretsanso maginiziyamu, kumunsi ndisathire nkomwe. Mfundo yachiwiriyi ndi imene inabweza ndalama yanga yoyezetsera, chifukwa popanda lipoti munthu umangomwaza munda wonse, ndipo laimu akapyola muyeso amamanganso zinki mbewu nkumasowa. Anandiuzanso kuti laimu sayenda msanga m'dothi, ndiye asangokhala pamwamba, asakanizidwe ndi dothi miyezi iwiri kapena itatu kubzala kusanafike, ndipo dothi lamakande limafuna laimu wambiri kuposa lamchenga kuti pH ikwere mofanana. Musayembekeze zozizwitsa chaka chomwecho. Chimene ndinaona ine nditazula phesi kumtundako ndi mizu, inali yaitali yokhala ndi timizu tambiri tating'onoting'ono, zimene kale kunalibe, ndipo mvula itadula masamba sanapinde msanga ngati kale.

Tsopano zondikhumudwitsa, ndipo izi ndikuzinena chifukwa ndikufuna ntchito imeneyi ifikire anthu ambiri. Lipoti lenilenilo analilembera katswiri mnzawo, osati mlimi. Ndi tebulo la zilembo zachidule ndi manambala, mg/kg apa, cmol apo, osalemba pambali olo mawu amodzi oti izi nzochepa, izi nzokwana. Zonse ndafotokoza pamwambazi ndinazimva chifukwa ndinachita kubwererako nkukakhala pansi ndi munthu, nanga amene amangolandira pepala pafoni atani nalo? Malangizo a feteleza nawonso analemba m'makilogalamu a mchere pa hekitala, osati matumba. Munthu akaona 46 pamzere wa naitirojeni akhoza kuganiza kuti ndi makilogalamu 46 a yureya, pamene yureya ali ndi naitirojeni 46 pa 100 aliwonse, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 50 lili ndi 23 okha ndipo pakufunika matumba awiri. Kuwerengera kumeneku kukanangowatengera mzere umodzi. Sanalembenso kuti pH anaiyezera m'madzi, ine ndinadziwa chifukwa ndinaona ndi maso, pamene ma labu ena amayezera m'madzi a mchere wotchedwa calcium chloride ndipo kumeneko nambala imatuluka yotsikirapo pafupifupi ndi theka. Pamalire a 5.5 paja, theka limenelo ndi loti likhoza kukugulitsa laimu wosafunika kapena kukulepheretsa kugula wofunika. Salufa anati amayeza padera ukachita kupempha, koma palibe anandiuza izi popereka dothi. Komanso zotsatira zinachedwa kupyola nthawi imene analonjeza, chifukwa aliyense amathamangirako mvula ikayandikira, ndiye bola kutumiza mukangokolola, nthawi yothira laimu isanakuthereni.

Pa naitirojeni pokha sindiwadzudzula. Ameneyu amayenda ndi madzi, mvula ikagwa lero mawa nambala yasintha, ndiye ma labu ambiri amayang'ana kwambiri kaboni wochokera ku zowolerana. Mukaona mzere wa organic carbon, kuuchulukitsa ndi 1.724 mumapeza pafupifupi kuchuluka kwa zowolerana m'dothi lanu, ndipo nambala imeneyo siikwera ndi feteleza wa m'thumba, imakwera pang'onopang'ono ndi manyowa, mapesi osawotcha ndi kasinthasintha wa mbewu.

Ena afunsa kuti nanga labu ikakhala kutali? Kacholembera ka pH kagalasi kenikeni, kokhala ndi batire ndi timadzi take ta 4 ndi 7, kamathandiza ndithu pa pH pokha, bola kuzikakonza musanayeze ndipo nsonga yake isaume. Timapepala tosintha mtundu natonso timakuuzani mwachidule ngati muli cha ku 5 kapena cha ku 7, zimene ndi zoposa kachitsulo kaja kutalitali. Pa intaneti pali mapu a nthaka aulere, SoilGrids ya bungwe la ISRIC ku Wageningen imene imaonetsa dziko lonse lapansi m'timabokosi ta mita 250, ndi iSDAsoil imene inatuluka mu 2020 ndipo imaonetsa Africa m'timabokosi ta mita 30. Ndi ntchito yaikulu ya kafukufuku ndipo ndimaisilira, amatenga dothi loyezedwa kale m'malo ambirimbiri nkuliphatikiza ndi zithunzi za satelayiti, kompyuta nkumalosera za malo amene sanafikeko. Ndi zabwino kudziwira mtundu wa dothi la dera lanu, koma sizingadziwe kuti inuyo mwathira ammonium sulphate kwa zaka zingati kumtunda kwa munda wanu. Palinso makina oyeza dothi ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, amene a ICRAF, bungwe la kafukufuku wa mitengo ndi ulimi ku Nairobi, akhala akuwagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, amathamanga ndipo safuna mankhwala, amachita bwino pa kaboni ndi mtundu wa dothi, koma pa fosifolasi wopezeka kwa mbewu njira zamankhwala zija zikadali patsogolo.

Labu imeneyi ndidzapitakonso pakatha zaka ziwiri kapena zitatu kuti ndione mmene laimu wagwirira, nyengo yomweyo ya chaka komanso magawo omwewo kuti manambala ayerekezeke. Amene mukupita koyamba, funsani zinthu izi musanasiye jumbo lanu pakauntala: pH ayezera m'madzi kapena ayi, fosifolasi ayezera njira yanji, salufa ndi zinki zilimo kapena nzapadera, ndipo pali munthu amene adzakhale nanu pansi kuti manambalawo awasandutse matumba.