Kopereka magazi: singano amabaya bwino, koma za kuseri kwa katani zandiwawa

Ndakhala ndikufuna kulemba izi kuyambira sabata yatha koma mtima unali usanakhale pansi. Ndi za malo operekera magazi pa chipatala china kuno ku Tete, dzina sinditchula. Alamu anga anataya magazi ambiri pochira, anawaika matumba awiri, nde anatiuza kuti achibale tibwere tidzabweze poti banki ikachepa amadalira ife tomwe. Tinadzuka mbandakucha atatu, ine, amalume ndi msuweni wanga, kukwera shapa kuchokera kwathu mbali ya Tsangano kukuzizira koopsa.

Ndiyambe ndi zabwino chifukwa zilipo ndithu. Bisha, mzere wodikirira uja, sinali yaitali. Anationa B.I., chitupa cha unzika chija, kutikweza pa sikelo paja amafuna munthu wa makilo 50 kupita m'mwamba, kenako kubaya chala kuona ngati magazi ali okwanira. Amalume anawabweza chifukwa BP inali itakwera, koma mnyamata amene anawayeza anawakhazika pansi bwinobwino, "bambo musadandaule, kaonaneni ndi dokotala kaye, tsiku lina mudzapereka." Ulemu weniweni. Ine singano anatsegula m'pepala lake ndikuona ndi maso angawa, kathumba ka pafupifupi 450 ml kanadzaza mwina mphindi khumi basi, akundiuza ndizifinya kampira m'manja. Pomaliza bolasha ndi sumu, osalipira kanthu. Amene mumaopa kuti singano amabwereza, kapena mudakali ndi mantha a nkhani za anamapopa zija, ayi, pamenepo palibe choopsa.

Vuto linali kochezera mafunso. Si chipinda ayi, ndi kona chabe yotchinga ndi katani yobiriwira yosafika n'pansi pomwe, benchi yodikirira ili pomwepo moti mapazi a munthu ukuwaona, mawu onse ukumva.

Msuweni wangayu amakonda amuna anzake. Ine ndinadziwa kalekale, ena pabanja amadziwa koma salankhula. Ali ndi mnzake mmodzi yemweyo chaka chachinayi tsopano, onse awiri amayezetsa pafupipafupi, kuposa ine wa pabanja ndinene zoona. Anamwino anamufunsa kuti muli ndi mkazi, iye m'malo monama anayankha motsitsa mawu, poganiza kuti kuchipatala munthu sabisa. Ndinamva cholembera chikugwera pa tebulo. "Anthu a mathanyula magazi awo sititenga." Mokweza, benchi yonse kumva. Mayi wina amene anali pafupi nane anakokera chitenje chake uku akuyang'ana pansi. Msuweni anatuluka thonje likadali pa chala, anangodutsa osandiyang'ana mpaka panja.

Ndinalowa ndi kufunsa mwaulemu, "pepani amayi, tandionetsaniko pamene palembedwa zimenezo." Anangoti ndi mmene timachitira, pepala osandionetsa. Chimene chandipweteka kwambiri nchoti sanamufunse ngakhale funso limodzi la nzeru, kuti wagona ndi anthu angati miyezi yapitayi, kaya pali watsopano, kaya kondomu, kaya anayezetsa liti. Ine anandifunsa mothamanga ngati akuwerenga mndandanda wa zogula kumsika, atangomva kuti ndili pabanja basi tiki tiki tiki, ndikanakhala ndi zibwenzi zitatu kumbali ndikanadutsa bwinobwino.

Ndikudziwa chifukwa chake mafunso amafunika, sindikutsutsa. Magazi onse amawayeza HIV, hepatitis B ndi C komanso chindoko, koma pali nyengo ija munthu wangotenga kumene kachilombo makina sanayambe kukaona, pa makina apamwamba ndi masiku ochepa koma pa toyezera tina imatha kufika miyezi itatu. Nde funso limatseka mpata umenewo. Alamu anga nawonso sindikanafuna awaike magazi okayikitsa. Koma mpatawo umatsekeka pofunsa zimene munthu wachita posachedwa, aliyense, mwamuna kaya mkazi. Kuno ku Mozambique kafukufuku wa INSIDA wa 2021 anapeza kuti akuluakulu 12.5 pa 100 alionse ali ndi HIV ndipo azimayi ndi amene ali ambiri kuposa abambo, kusonyeza kuti matendawa akuyenda m'mabanja mwathu momwemu, pakati pa mwamuna ndi mkazi. Nde kubweza munthu wa mnzake mmodzi n'kulandira wa zibwenzi zambiri chifukwa choti wavala mphete, mwateteza ndani pamenepo?

Malamulo oletsa amuna otere anayambira kunja zaka za m'ma 1980 Edzi itangobuka kulibe zoyezera zodalirika. Ku America anawaletsa moyo wonse, mu 2015 anati adikire chaka, mu 2020 miyezi itatu, kenako mu 2023 anasiya zonsezo nayamba kufunsa aliyense mafunso ofanana. Ku Britain anasintha mu June 2021, Portugal inakhazikitsa lamulo loletsa tsankho limeneli chaka chomwecho, ku Brazil khoti lalikulu linathetsa chiletsocho mu 2020. Ndipo musati ndi za azungu zokha, aneba athu a South Africa, kumene HIV ili yambiri zedi, anasintha kale mu 2014, amafunsa za bwenzi latsopano kwa wina aliyense. Maiko amenewa sanasiye kusamala magazi, anangokonza funso.

China chimene anamwino aja sanaganizire, dziko lathu lino linachotsa mlandu wa amuna kapena akazi okondana okhaokha mu 2015, pamene malamulo atsopano analowa m'malo mwa achitsamunda a 1886 aja. Msuweni wanga sanaphwanye lamulo lililonse. Koma ife timakhala m'malire, kungowoloka pa Calómue kulowa Dedza ndi nkhani ina, ku Malawi mwamuna akhoza kumangidwa mpaka zaka 14. Msuweniyo amawoloka pafupifupi mwezi uliwonse kukaoda katundu, ndipo pa benchi paja pamakhala anthu a mbali zonse ziwiri, wina amakudziwa, wina amadziwa mayi ako. Mawu amodzi okweza aja akhoza kumutsatira munthu mpaka kumsika.

Kwa oyang'anira malowa pempho langa ndi laling'ono, ikani chitseko pamalo pa katani ija, ndipo mafunso akhale olembedwa poonekera, ofanana kwa aliyense, kuti munthu akabwezedwa adziwe chifukwa chenicheni ngati mmene anachitira ndi amalume. Nyenyezi ndikupereka zitatu mwa zisanu, zitatuzo ndi za mnyamata wa BP uja ndi ukhondo wa singano.

Amene mukufuna kupitako idyani kaye kunyumba, imwani madzi ambiri, musaiwale B.I. Ine ndidzabwererako nthawi yanga ikakwana chifukwa alamu ali kunyumba akuyamwitsa bwinobwino ndi magazi a munthu amene sitimudziwa. Pa matumba awiri aja tinangobweza limodzi. Msuweni tinakamupeza pa siteji ya shapa atakhala pa mwala, wandiuza kuti ndisadzamuitanenso ku zimenezi, ndipo mpaka lero sindinapeze mawu omuyankha.